Za chilengezo cha maliro nthawi ya kolera (zokambirana pa gulu la WhatsApp la mpingo, Januwale 2023)

Mlembi wa Mpingo:
Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikubwereza chilengezo cha Lamulungu chifukwa ambiri mwakhala mukundiimbira. Bwalo la akulu a mpingo lagwirizana kuti kufikira mliri wa kolera utatha, pa maliro a mkhristu wathu tisaphike nsima kapena kugawa thobwa. Kusamba m'manja m'beseni limodzi kwalekeka, pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo. Ngati malemu amwalira ndi kolera, amayi a Chigwirizano asasambitse thupi, ntchito imeneyo ndi ya azaumoyo. Mapemphero a Lamulungu ndi a m'milaga akupitirira monga mwa nthawi zonse. Amene ali ndi funso afunse pano, Abusa alimo m'gulu muno.

aNambewe:
Zikomo a Mlembi. Ine lamuloli sindikulitsutsa, koma ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo ndipo ndikaisunga ndidwala nayo.

Lachiwiri lapitali tinataya bambo wa mu mlaga mwathu. Ambiri mukuwadziwa, dzina sinditchula. Anayamba kutsegula m'mimba usiku, pofika madzulo a tsiku lotsatira anali atatisiya. Azaumoyo anabweretsa thupi litatsekeredwa m'pulasitiki, galimoto n'kulunjika kumanda, osadzera kunyumba. Pemphero linachitika lalifupi, adzukulu anakwirira, anthu n'kubalalika aliyense kwawo. Zonsezo ndazimvetsa.

Koma madzulo ndinapita kunyumba ya siwa. Ndinapeza mayi wamasiye ali ndi ana ake ndi mng'ono wake mmodzi yekha. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa yunifolomu, panalibe nyimbo, pabwalo panalibe moto. Abale anga, mayi ameneyu ndi uja saphonya maliro a munthu aliyense, ndi amene amayambitsa nyimbo pakati pa usiku ife tikuwodzera. Anandigwira chitenje n'kundifunsa kuti, "Kodi mpingo wandidula?" Ndinasowa poyambira.

Chilengezo chinati tisaphike. Kodi chinatinso tisapite?

aBanda (mkulu wa mpingo):
Amayi, zimenezi zandilasa mtima. Ayi, bwalo silinanene kuti tisapite. Koma tisafulumire kuwaweruza amayi anzanu. Anthu agwidwa ndi mantha ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Sabata ino Unduna wa Zaumoyo wanena kuti omwalira adutsa 1,000 chiyambire mliriwu ku Machinga mu Marichi chaka chatha, ndipo wafika m'maboma onse. Pa 5 Disembala a Pulezidenti analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Ana athu omwe sanatsegulire sukulu pa 3 Januwale, anakhala pakhomo milungu iwiri. Mayi amene ali ndi khanda kumbuyo akamva kuti m'nyumba ija mwatuluka maliro a kolera, mukuganiza kuti miyendo yake ingamunyamule?

aNambewe:
Inenso ndili ndi zidzukulu pakhomo, bambo. Ndinapita ndikunjenjemera. N'chifukwa chake ndikufunsa kuti odziwa atiuze zoona. Ngati kupita n'kufa, atiuze. Ngati si kufa, atiuzenso, kuti tisamabisale kuseri kwa chilengezo.

aNgozo:
Amayi a namwino ali pa ntchito kapena? Abwere atithandize apa.

aNankhoma (namwino):
Ndabwera, ndangoweruka kumene. Ndiloleni ndilembe motalikirapo chifukwa nkhaniyi ndikukhala nayo tsiku ndi tsiku.

Vuto lalikulu ndi loti anthu akuitenga kolera ngati Covid. Zimenezi n'zosiyana kutalitali. Covid imayenda ndi mpweya, n'chifukwa chake tinkavala mamasiki ndi kukhala motalikirana m'tchalitchi. Kolera imalowera pakamwa basi: madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi kapena masanzi a wodwala, kaya kudzera m'manja, m'ziwiya, ntchentche kapena chitsime chimene madzi a mvula akokoleramo zonyansa. Kukhala pa mkeka umodzi ndi wamasiye, kuyimba naye, kumupempherera, sikungakupatseni kolera. ANambewe simunalakwitse kupita. Chofunika n'kusamba m'manja ndi sopo pochoka, ndi kusamwa madzi amene simukudziwa ngati athiridwa mankhwala kapena awiritsidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani maliro ali oopsa? Thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo, ndipo limatulutsabe madzi. Mwa mwambo wathu, amayi amene asambitsa thupi ndi kuchapa zofunda za malemu ndi omwewonso amakapezeka kuseri akusadzula ndiwo ndi kugawa nsima. Kenaka beseni lija limayenda kuchokera kwa akuluakulu mpaka kwa mwana womaliza, madzi omwewo. Thobwa lili mu ndowa, chikho chimodzi. Chimbudzi chimodzi cha pakhomo, anthu mazanamazana, nthawi ya mvula ngati ino. Apa ndi pamene maliro amodzi amabala maliro ena. N'chifukwa chake azaumoyo amatsuka thupi ndi klorini wamphamvu, kutseka kukamwa ndi mphuno ndi thonje, n'kulikulunga.

Ndiye zoopsazo ndi kugwira thupi, zovala ndi zofunda za malemu, madzi, ndi chakudya. Kupepesa maliro palibepo.

aNaphiri (wapampando wa Chigwirizano):
Zikomo amayi a namwino, mwatimasula. Amayi ambiri amaganiza kuti kungolowa m'nyumbamo watenga. Mawa ndiwauza onse pa msonkhano wathu.

Koma ndili ndi langa la chakudya. Ife ndi amene timaona za kuseri. Adzukulu amadzuka mbandakucha kukakumba manda, nthaka yonyowa, yolemera. Abweleko asalawe kanthu? Ena akuyamba kale kunena kuti popanda nsima sakumba. Palinso achibale ochokera ku Dedza, ku Ntchisi, ku Kasungu, akwera minibasi ndi ndalama yongokongola, afika alibe ndi ya chipisi yomwe. Tiwayang'ane? Lamuloli ndi losavuta kwa ife okhala pafupi amene tikadya kwathu.

aMwale:
Ine ndilankhulepo ngakhale ndikudziwa kuti ena sakondwa nane.

Chiyambire 2020 mpingo wangokhalira kubwerera m'mbuyo. Mu Marichi chaka chimenecho, chifukwa cha Covid, tinauzidwa kuti posonkhana tisadutse anthu 100. Tinamvera, tinagawa mapemphero kangapo pa tsiku. Koma misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza mabwalo, anthu kupanikizana, palibe anailetsa. Mu Ogasiti anafika poti anthu 10 okha. Tinasiya kupatsana moni wa m'manja, okalamba tinawauza akhale kunyumba, ena mpaka lero sanabwererenso. Lero akuti tisasambitse abale athu, tisadyetse alendo. Mawa adzati chiyani? Zimene aNambewe aonazo ndi zipatso za mpingo umene waphunzitsa anthu ake kuopa. Kodi Marko 16:18 inachotsedwa m'Baibulo? Ambuye sananene kuti okhulupirira akamwa chakupha sichidzawapweteka, ndipo adzaika manja pa odwala nachira?

aNgozo:
Achimwene aMwale, pa nkhani ya kampeni ndikugwirizana nanu, zinali zokondera. Koma musaiwale Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid tsiku limodzi. Bingu Stadium inasanduka chipatala. Azibusa ndi ansembe nawonso anapita. Iwo analibe chikhulupiriro?

aMwale:
Sindinanene kuti matenda kulibe. Ndikufunsa kuti malo a pemphero atsala pati.

aGondwe (ku Joni):
Moni kumudzi. Ndikuwerenga zonsezi ndili pa ntchito ya usiku kuno ku Johannesburg. Ine mayi anga anamwalira nthawi ya lokidauni malire atatsekedwa. Maliro ndinaonera pa foni ya mphwanga, netiweki ikudukaduka. Chimene chinandilimbitsa mtima si ulaliki, sindinaumve n'komwe. Ndinaona amayi a yunifolomu zoyera atakhala kuzungulira achemwali anga, atavala mamasiki, akuyimba. Ndinadziwa kuti kwathu sikunasiyidwe. Za nsima kambiranani, ine sindidziwa. Koma chonde musamusiye yekha mayi ameneyo. A Mlembi nditumizireni nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ya mpingo ndiikepo kangachepe ka sopo.

Mlembi wa Mpingo:
Ndakutumizirani kumbali achimwene. Ambuye akudalitseni.

Abusa:
Mtendere ukhale nanu nonse. Ndawerenga kuyambira pamwamba.

Ndiyambe ndi a Mwale, chifukwa funso lawo si lopepuka ndipo ambiri ali nalo mumtima koma sanena. Zoona, mu 2020 panali zokondera, ndipo atsogoleri a mipingo analankhula pa nkhani ya anthu 10 ija mpaka boma linabweza. Mpingo suyenera kungovomera chilichonse. Koma lamulo la chakudya ili silinachokere ku boma, tinalipanga tokha titamva kwa akhristu athu omwe ogwira ntchito m'chipatala.

Pa Marko 16, kumbukirani kuti Satana nayenso anatenga lemba, Salmo 91, pamene anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi poti angelo amugwira. Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Kumwa madzi a m'chitsime chimene mukudziwa kuti chalowa zonyansa, klorini ali pomwepo, kumeneko ndi kudziponya pansi. Tsegulaninso Deuteronomo 23:12-14. Mulungu yemweyo amene anagawa Nyanja Yofiira analamula Aisraeli kuti akhale ndi malo kunja kwa msasa, aliyense ayende ndi chokumbira, akadzithandiza akwirire, chifukwa Iye amayenda pakati pa msasawo. Chimbudzi chili m'chilamulo cha Mose. Pa Numeri 19 wokhudza mtembo ankakhala padera masiku asanu ndi awiri ndi kusamba. Ukhondo si chinthu chimene a Unduna abweretsa kudzapikisana ndi pemphero.

Mu 1527 mliri unagwa mu mzinda wa Wittenberg ku Germany. Ambiri anathawa, Martin Luther, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo, anakana kuchoka, ndipo m'nyumba mwake munasungidwa odwala. Koma munthu yemweyo analangiza akhristu kuti amwe mankhwala, ayeretse nyumba, apewe malo amene sakufunikako kuti asapatsire anzawo, koma kumene mnansi akuwafuna apite osazengereza. Ziwirizi anaziika pamodzi. Amishoni amene anabweretsa Uthenga kuno anachitanso chimodzimodzi: pambali pa tchalitchi anamanga chipatala. Chipatala cha Nkhoma chakhalapo zaka zoposa 100, ndipo zipatala za mipingo pansi pa bungwe lake la CHAM zikusenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno.

Tsono kwa aNambewe. Mayi uja sanadulidwe, ndipo asagonenso usiku wina akuganiza choncho. Aroma 12:15 imatiuza kulira ndi olira, ndipo siikupatula mtundu wa matenda. Akulu anati maliro n'kulirana. Mawa madzulo ndikhala kunyumbako. Lamulungu tidzawonjezera pa chilengezo kuti kupepesa, kuyimba ndi kuchezera ndi anamfedwa ndi udindo wathu monga kale.

aMwale:
Ndamva Abusa. Pa Deuteronomo ndilibe mawu. Koma pa kusambitsa thupi mtima wanga sunavomerebe. Munthu watumikira Mulungu moyo wake wonse, aikidwe m'pulasitiki, mkazi wake osaona nkhope?

aNankhoma (namwino):
Bambo Mwale, ululu umenewo ndimauona ndi maso. Palibe namwino amene amakondwa kutsekera munthu m'pulasitiki. Koma dziwani kuti kuona nkhope pakokha sikupatsira, choopsa n'kugwira, kupsompsona ndi kusambitsa. Achibale akhoza kupempha azaumoyo thupi lisanatsekedwe kuti mkazi kapena ana aone ataima chapatali pang'ono, ndi kuti Abusa kapena mkulu wa mpingo apemphere pomwepo. Nthawi zambiri zimakanika chifukwa odwala achuluka, ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo achibale sadziwa kuti angapemphe. Apa mpingo ungathandize. Mkulu wa mlaga akamva kuti mkhristu wagonekedwa ku tenti ya kolera, afike msanga, asadikire uthenga wa maliro.

Ndipo ndinene chimene chikundipweteka kwambiri. Kolera ndi matenda ochizika. Munthu akafika msanga, mwa odwala 100 sipayenera kufa ngakhale mmodzi. Kuno akufa pafupifupi atatu pa 100 aliwonse, ndipo chifukwa chachikulu n'kuchedwa. Ena akubisa wodwala m'nyumba poopa manyazi. Ena amva mphekesera zoti ku tenti amabaya anthu jakisoni wakupha. Ena amayamba ayitana owapempherera usiku wonse, kumumwetsa madzi odalitsa, pofika nafe maso alowa, khungu likatsinidwa silibwerera, mtsempha woika diripi sukupezeka. Munthu wamkulu wamphamvu akhoza kutha madzi m'thupi m'maola ochepa chabe.

Mukaona chimbudzi cha madzi okhaokha chooneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuche. Yambani kumumwetsa Thanzi ORS pomwepo. Ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli pa njira. Pempherani muli pa kabaza, Mulungu amamva pamenepo.

aNgozo:
Zoterezi zimafunika kunenedwa pa guwa, osati muno mokha. Agogo ambiri alibe WhatsApp. Abusa, bwanji amayi a namwino apatsidwe mphindi zisanu nthawi ya zolengeza?

Abusa:
Zatheka. A Mlembi ikani pa ndondomeko, mapemphero onse awiri, a Chingerezi ndi a Chichewa.

Wachinyamata wa kwaya:
Pepani makolo ndilowerere. Nanga Mgonero wa mwezi wa mawa? Timakapu tija timatsukidwa m'beseni limodzi kuseri kwa tchalitchi, madzi ake otunga pa chitsime chija mipopi ikauma. Mkatenso umadulidwa ndi manja. Ndiponso chimbudzi cha Sande Sukulu chilibe chotsekera pa dzenje ndipo ndowa yosambira m'manja inasweka kalekale.

aBanda (mkulu wa mpingo):
Mwana wanga waona bwino. Ife timayang'ana za maliro kuiwala pakhomo pathu pomwe. Za timakapu tizitsuka ndi madzi otentha ndi sopo, n'kutsukuluza m'madzi a klorini, ndipo odula mkate asambe m'manja pamaso pa mkulu mnzawo. Za chimbudzi cha ana nditengana ndi madikoni Loweruka.

aNaphiri (wapampando wa Chigwirizano):
Funso langa la adzukulu ndi alendo silinayankhidwe.

aNankhoma (namwino):
Pepani amayi, linandidutsa. Ndinene monga namwino, bwalo lidzaweruza lokha. Nsima yotentha yochoka pa moto ilibe vuto, moto umapha tizilombo. Vuto ndi manja ogawa, madzi osamba ndi akumwa, ndiwo zophikidwa m'mawa zodyedwa madzulo zitazizira, ndi kuchuluka kwa anthu moti palibe angalondoloze. Kuphikira khamu lonse, ayi, pamenepo bwalo linachita bwino. Koma kuphikira adzukulu ndi alendo ochepa ochokera kutali n'kotheka, ngati kuphikako kukuchitikira pakhomo lina osati pa siwa, ophika ndi amayi awiri kapena atatu amene sanakhudze thupi kapena zofunda, madzi ndi othira klorini ndipo adikira mphindi 30, aliyense ali ndi mbale yake, ndipo akudya chikadali chotentha. Thobwa la chikho chimodzi lokha liyambe laima.

aBanda (mkulu wa mpingo):
Ine ndikuopa kuti mukatsegula kakhomo kakang'ono anthu adzakankha chitseko chonse. Ndani adzaime pamenepo kuuza anthu a m'mudzi kuti nsima iyi ndi ya adzukulu okha? Adzati mpingo ukusankha. Kuletsa zonse n'kosavuta kutsata.

aNaphiri (wapampando wa Chigwirizano):
N'kosavuta kwa inu abambo amene mumakhala kutsogolo pa mipando. Amene timayang'anizana ndi mlendo wanjala ndi ife. Ndipo tikaletsa zonse anthu aziphikabe mobisa kuseri kwa nyumba, popanda klorini, popanda woyang'anira. Ndaziona kale pa maliro a mpingo wina sabata yatha. Bola tiphike pang'ono poyera mwa dongosolo.

aBanda (mkulu wa mpingo):
Mfundo ya kuphika mobisayo ndi yoona. Komabe sindingasinthe chigamulo cha bwalo pa foni.

Mlembi wa Mpingo:
Ndailemba kuti ikambidwe Loweruka 2 koloko. Amayi a Chigwirizano tumizani nthumwi ziwiri, ndipo amayi a namwino ngati simuli pa ntchito mubwere. Kufikira tsikulo chilengezo chili momwemo.

aNambewe:
Zikomo nonse. Tsono za mawa. Mayi uja alibe ufa, bambo ndi amene ankagwira maganyu. Zofunda zonse za m'chipinda anazithira mankhwala, zina anatentha, ana akugona pa mphasa popanda chofunda. Chipepeso chathu chikhale cha zouma: ufa, nyemba, shuga, mchere, sopo, ndi bulangete ngati wina ali nalo lapadera. Anansi akuwakaniza kutunga pa mjigo, mwana wamkulu akupita usiku mobisala. Zimenezinso Abusa mukalankhule ndi amfumu.

aNankhoma (namwino):
Kuwakaniza mjigo n'kowonjezera ngozi, chifukwa akatero akatunga kudambo. Ndilankhula ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo kuti akafikeko ndi klorini, akaonenso ngati ana aja analandira katemera wakumwa wa kolera uja. Wina wa m'nyumbamo akangoyamba kutsegula m'mimba, ndiimbireni nthawi ina iliyonse.

Abusa:
Kwa amfumu ndidzera ndisanafike ku siwa.

aMwale:
Za pulasitiki tidzakambabe, Abusa, ine sindinakhutire. Koma mawa ndibwera. Ndili ndi thumba la makala ndi mabenchi awiri, ndipo ndichezera ndi abambo panja. Anyamata a kwaya ndani angandithandize kunyamula?

Wachinyamata wa kwaya:
Tibwera atatu bambo, 4 koloko tikupezani kwanu. Ndowa ya mpopi yatsopano ija ili mu ofesi, kiyi ali ndi ndani?

Mlembi wa Mpingo:
Ali ndi ine. Dzerani kwathu potsikira kwa a Mwale, mutengenso sopo amene ndigule ndi ndalama za achimwene a ku Joni.

aNaphiri (wapampando wa Chigwirizano):
Amayi nonse, yunifolomu yonse, mabuku a nyimbo m'manja, aliyense botolo lake la madzi akumwa. Tikumane pa tchalitchi hafu pasiti 4. Amene mukugona komweko lembani maina pansipa kuti tidziwe mikeka ingati.